Oyilo pa Mabawuti

Mkamwini wanga ndinamumangitsa ndine, ndipo tsiku limenelo ndinadya mpaka kukhuta, koyamba chiikireni maliro a mkazi wanga.

Munthuyo sindinamufune kuyambira tsiku limene anafika pakhomo panga atavala tayi dzuwa likuswa mtengo, kudzanena kuti wakonda mwana wanga. Ndinamutcha Tayi, ndipo dzinalo linamukakamira. Munthu wa manja osalala, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Ine moyo wanga wonse ndathera pansi pa galimoto za eni, ndipo chimene ndinaphunzirako n'chakuti injini yaphokoso sivuta. Yoopsa ndi imene yakhala chete.

Ndi Tayi yemweyo amene anakopa mwana wanga woyamba, amene timangomutcha Chisamba, kuti atenge galimoto yamagetsi ku kampani ya matakisi. Galimoto yopanda injini, yopanda utsi, yongotulukira kumbuyo kwako ngati mbava. Mtundu womwewo umene unatseketsa galaja yanga. Chisamba ankayendetsa m'mawa, mwamuna wake masana. Galimoto inali m'manja mwawo, koma batire linali la kampani.

"Bambo," anatero Chisamba tsiku limene anabwera kudzationetsa, "mabatire atsopanowa si aja akale. Ili lili ndi galanti ya zaka khumi ndi zisanu. Likafooka zakazo zisanakwane, atipatsa lina ulele. Akuti galimoto idzakalamba batire likadali mnyamata."

"Amene wakulonjezani zaka khumi ndi zisanuyo, iyeyo walonjezedwa zingati?" ndinafunsa.

Mkazi wanga anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa. Nthawi imeneyo matenda a m'mapapo anali atayamba kale, kungoti sitinkadziwa kuti abwera kudzakhala.

Batire la zaka khumi ndi zisanulo silinakwanitse ngakhale zitatu. Tisanapukute misozi ya maliro, galimoto inazima pakati pa msewu Chisamba atanyamula anthu. Anaikokera ku kampani. Kumeneko anatsitsa batire, napeza kuti wina analitsegulapo. Chigawo chimodzi chabwino chinachotsedwa, m'malo mwake munalowa chakale chotha ntchito. Galanti inafera pomwepo. Kampani inatsekera galimoto mumpanda, n'kuitana apolisi.

Kwathu kunabwera sajeni wamkazi, wamfupi, wa maso otopa. Anandipeza ndikumwa tiyi ndi mwana wanga wamwamuna, Mzime, amene amagwira ntchito yoika magetsi a dzuwa m'nyumba za anthu.

"Agogo, ndamva munali makaniko. Inu mukuganizira ndani?"

"Sindine agogo anu. Makiyi a galimotoyo ali ndi anthu awiri. Mmodzi ndinabereka ndine."

"Nanga winayo?"

"Winayo mufunseni kumene ankapita nayo galimoto masiku a Lamulungu, mkazi wake ali muno kusambitsa mayi ake. Mumufunsenso chifukwa chake pamaliro analira kuposa ana a malemu. Munthu salira apongozi choncho pokhapokha ngati m'mimba muli kanthu."

Mzime anaika kapu pansi tiyi asanamalize, n'kutuluka. Ndinkayesa ndi chisoni cha mayi ake.

Apolisi anamufunsa Tayi. Sanavomere, sanakane. Anangoti, "Mkazi wanga sakudziwa kanthu," basi. Madzulo ake anali m'chitokosi.

* * *

Chisamba anabwera mlungu usanathe. Sanakhale pansi. Anaima pakati pa chipinda chochezera, maso ali psuu, atagwira chikwama ngati akufuna kundigenda nacho.

"Mwakondwa, bambo?"

"Ndinanena zimene ndinaona."

"Munaona chiyani? Munaona tayi. Zaka zonsezi mukuonabe tayi basi."

"Nanga bwanji sakuyankha? Munthu wosalakwa amakuwa."

"Sindikudziwa!" Kenako anayambanso motsitsa. "Ndamufunsa ndikulira, akungoti ndisamale ana. Amayi apita, galimoto yapita, ntchito yapita, tsopano bambo a ana anga. Ana akufunsa. Ndiwauze kuti chiyani?"

"Uwauze kuti agogo awo awachotsera njoka m'nyumba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso amenewo anali a mayi ake, ndipo ndinalephera kuwapirira. Ndinayang'ana pawindo.

"Ngati ndi mbava, ndibweretsereni umboni woti ndiugwire ndi manja," anatero. "Mukaubweretsa, ndimusiya. Mukalephera, ndiye kuti ine ndaika maliro awiri."

Anatuluka osatseka chitseko. Ndinavala jekete. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinanyamuka kukafuna chingwe chomangira Tayi, choti chisadzaduke.

Ndinayambira kupolisi. Anamutulutsa n'kumukhazika pa benchi moyang'anizana nane.

"Bambo, mwabwera. Mwayenda pansi ulendo wonsewu ndi bondo lija?"

"Bondo langa lisiye. Unagulitsa kwa ndani?"

Anangoweramitsa mutu. Ndinapitiriza.

"Lamulungu unkapita kuti ndi galimoto?"

"Ndinkanyamula anthu, bambo."

"Lamulungu lililonse?"

"Kupatula limodzi."

"Limenelo unali kuti? Unali ndi ndani? Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tchula mnzakoyo, mwina bwana akumvera chisoni."

Anayang'ana zikhadabo zake. "Ndinali ndekha."

"Wabodza iwe. Wamulanda mwana wanga ntchito, wamuveka manyazi, ndipo wakhala apa ngati mbusa."

"Ndalakwa, bambo. Kwa mayi a ana ndalakwa kwambiri." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma inu mukudya? Mwaonda. Amayi ankati mukakwiya mumaiwala mbale."

"Usatchule mkazi wanga ndi pakamwa pakopo."

Anagwedeza mutu ngati ndamupatsa malangizo abwino. Wapolisi atamugwira paphewa kuti abwerere, anatembenuka.

"Kuchipinda kwa amayi kuja, mwayamba kuchotsako katundu?"

"Zikukukhudza bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa. Musafulumire."

Ndinaganiza kuti wayamba kale kusirira za malemu. Potuluka ndinalavula.

* * *

Kumalo okonzera galimoto a kampaniyo kunali koyera ngati kuchipatala. Kunalibe fungo lililonse. Ndinakhala ngati mlendo pa ntchito imene ndinakalambira. Anandilandira injiniya wamkazi, msinkhu wa Chisamba, wolankhula mothamanga ngati ali ndi galimoto zina m'mutu. Nditamuuza kuti ndine bambo ake a dalaivala, anandilola kuona.

Batire linali pa tebulo lachitsulo, lalikulu ngati chitseko, chivundikiro chili pambali. M'kati munali zigawo zondandalikidwa ngati njerwa zikuluzikulu, zonse zotuwa, chilichonse chili ndi chizindikiro cha kampani. Chimodzi chokha chinali chakuda, chotupa m'mbali.

"Icho ndi chimene analowetsa," anatero. "Chakale, mwina cha galimoto ya ngozi. Chinakoka zinzake mpaka zonse zinafooka. Apa panali chomata chathu. Anachidula bwinobwino ndi lezala, pomaliza n'kubwezera ndi guluu."

"Ndiye galanti ija?"

"Galanti ndi ya batire lodwala lokha, madala. Osati lochitidwa opaleshoni kunyumba."

"Ndiye zaka khumi ndi zisanu zija zinali za pakamwa."

"Zinali zenizeni. Batire ili likanatiika m'manda tonse, inu ndi ine. Alipha ndi anthu." Anagogoda tebulo ndi chala. "Koma mbava yake ndi yachilendo. Mbava ikatsegula imakokolola zonse, ndipo sibwezera chivundikiro. Uyu watenga chimodzi, n'kumanga bwinobwino ngati wakonza. Ndiponso si munthu mmodzi. Chinthuchi n'cholemera ngati ng'ombe. Pamafunika dzenje kapena chokwezera galimoto, anthu awiri, mmodzi wodziwa magetsi. Akanakhala wosadziwa, bwenzi titapeza mtembo."

"Mkamwini wanga ngakhale babu sadziwa kusintha," ndinatero, ndipo mawuwo ndinadana nawo atangotuluka.

"China ndi ichi." Anandipatsa kambale ka mabawuti. "Amenewa timamanga ouma, ndi lamulo. Koma onse ali ndi zakudazi. Muno mulibe mafuta otere. Inu akale mwina mungadziwe."

Ndinatola imodzi. Ndinainunkhiza, ngakhale ndinali nditadziwa kale. Oyilo wakale wa injini, wopakidwa kunsonga kokha, mutu wa bawuti utapukutidwa kuti mbee. Galimoto yopanda injini, koma mabawuti ake akununkha injini.

Mmenemo ndi mmene ndinkamangira ine. Aliyense wolowa m'galaja yanga ndinkamuuza tsiku loyamba kuti bawuti youma ndi temberero kwa makaniko wa mawa. Dontho kunsonga, pukuta mutu. Woiwala ankalandira mbama. Dzanja lophunzitsidwa ndi mbama siliiwala, ngakhale mutu utadziwa kuti apa sipafunika.

"Mukuzidziwa?" anafunsa.

"Ayi," ndinatero. "Fungoli langondikumbutsa zakale."

Panjira ndinadzitonthoza kuti ndinaphunzitsa anthu ambiri. Ena anamwalira, ena anasamuka, ena akungoyendayenda opanda ntchito, ndipo Tayi akanatha kulemba aliyense wa iwo. Koma miyendo yanga sinkamva zimenezo. Inkapita yokha kumene kuli dzenje lokhalo limene ndikulidziwa.

* * *

Galaja yanga ili kumapeto kwa mzere wa mashopu. Chitseko chake chachitsulo chinachita dzimbiri, ndipo utoto unayamba kusupuka. Pafupi pake pali mayi wina telala, amene wakhala akusoka pakhonde pamenepo kuyambira tonse tili ndi mano okwanira. Palibe amene amadutsa osamuyeza ndi maso.

"Eee, akuluakulu a masipanala! Pepani ndi maliro aja, ndinabwera koma simumaona munthu. Taonani jekete ikukulendewerani. Bwerani nayo ndiibweze, mukuoneka ngati choopsezera mbalame."

"Galaja yangayi inatsegulidwapo?"

Anachotsa mapini pakamwa. "Mukufunsa ine? Ndimayesa munawatuma ndinu."

"Ndani?"

"Linali Lamulungu masana, mayi aja akadali moyo. Ine ndinabwera kudzamaliza diresi ya kasitomala wina wovuta ngati chimfine. Ndangowerama kutola sizasi, galimoto ili pamsana panga, osalira n'komwe. Ndinatsala pang'ono kumeza singano! Woyendetsa anali mkamwini wanu wa tayi uja. Ndinamuuza kuti, achimwene, galimoto yanu ya mizimuyi muziimangirira belu."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe choipa. "Ndiye anali iyeyo."

"Iyeyo, inde. Koma wotsegula loko anali wanu uja wa magetsi a dzuwa. Kiyi anali nayo ndi iyeyo."

"Nanga kenako?" ndinafunsa.

"Anadzitsekera, anakhalitsa. Ine ndinkangomva unyolo ukulira. Kenako kunamveka kuti phwaa! ngati mphenzi, wina n'kukuwa. Ndinathamanga kukasuzumira. Wanu uja atagwira dzanja, lapsa, mkamwini akumumanga ndi tayi yemweyo, akuti, 'Alamu, tisiye, tisiye basi.' Wanuyo akuti, 'Magetsi azimanso madzulo ano, alamu, sitingasiye.' Ine ndinawapatsa nsalu yoyera yatsopano, mpaka lero zikomo sindinamumve."

Masiku amenewo Mzime anali ndi bandeji. Anandiuza kuti anapsa kuntchito.

"Anatuluka ndi chiyani?"

"Chinthu chokulungidwa m'thumba, atanyamula awiri mosamala ngati wodwala. Komatu akuluakulu, ine mbava ndaziona pamzere uno. Mbava ikaba imathawira kutali. Awa analowera njira ya kwanu."

Anabwezera mapini pakamwa, kenako anawachotsanso. "Kodi ndalankhula zoipa?"

Ndinatembenukira kuchitseko cha galaja. Kiyi yanga inali m'thumba, koma sindinatsegule. Munalibenso choti ndikaonemo.

* * *

Kuchipinda kwathu kogona ndinali ndisanakhudze chilichonse. Nsapato zake zinali pomwe anazivulira komaliza. Makina omupatsa mpweya anali pakona, paipi yake itakolekedwa pa msomali.

Makina amenewo ndi amene ankamusunga, koma ankadalira magetsi, ndipo magetsi kwathu amazima mmene afunira. Poyamba Mzime anabweretsa bokosi lamatabwa lokhala ndi batire lakale m'kati. Linkagwira kanthawi kochepa, n'kufa. Likafa, mkazi wanga ankayasamula pakamwa ngati nsomba yovuulidwa m'madzi, atandigwira mkono, ine ndikumukupizira ndi katoni n'kumatukwana a magetsi. Kenako Mzime anatenga bokosi lija, nabwera nalo tsiku lina akuti abwana ake amubwereka batire labwino. Kuchokera pamenepo makina sanaimenso. Magetsi azime tsiku lonse, iye ankapuma. Anayambanso kundinyoza kametedwe. Anaona mdzukulu wathu wamng'ono akuyamba kuyenda. Tinakambirana nkhani zimene tinazikwirira kalekale. Pamene ankapita, anapita ali m'tulo, osati akulimbana ndi mpweya.

Ine ndinkauza aliyense kuti kubereka mwana wamwamuna ndi kumeneku.

Ndinagwada movutikira, n'kukoka bokosilo pansi pa bedi. Linali lolemera. Ndinamasula mabawuti a chivundikiro, ndipo zala zanga zinada.

M'kati munali njerwa yotuwa, ili ndi chizindikiro cha kampani.

Mzime anandipeza ndili chikhalire pansi pomwepo. Anaima pakhomo la chipinda, anaona bokosi lotsegula, ndipo nkhope yake inagwa.

"Bambo..."

"Onetsa dzanja."

Anatambasula. Chipsera chinayambira pachikhatho mpaka pamkono, chosalala ngati pulasitiki yosungunuka.

"Kumanga bawuti ndinakuphunzitsa ndine. Kuba unaphunzira kuti?"

"Sitimati tikuba, bambo." Anakhala pansi pomwepo, munthu wamkulu wa ndevu zake. "Timadalira galanti. Tinkayesa chigawo chakalecho chikafooka, kampani ingosintha batire lonse monga analonjezera. Palibe amene akanavutika. Ndinamata bwinobwino. Sindinkadziwa kuti amayang'ana mpaka mabawuti."

"Maganizo anali a ndani?"

"A alamu."

"Ndinadziwa!"

"Simunadziwe kanthu!" Chibadwire anali asanandikuwirepo. "Anabwera tsiku lija amayi anada milomo, inu mukukupiza ndi katoni. Anaima pawindo apo, kuopa kulowa chifukwa cha inu. Atachoka anandipeza n'kunena kuti, 'Alamu, ine ndakhalira zaka khumi ndi zisanu pansi pa mpando wa galimoto, amayi akusowa ola limodzi.' Ine ndinakana. Anandichonderera. Galimoto ija inali chakudya cha ana awo, koma makiyi anapereka okha."

"Mlongo wako akudziwa?"

"Achemwali sakudziwa. Anasaina ku kampani ndi iwowo. Akanadziwa, bwenzi mlandu uli wawonso."

"Nanga ine? Ine ndinasaina chiyani kuti mundibisire?"

Anayang'ana bedi.

"Lankhula."

"Anatiletsa ndi amayi."

Ndinamva ngati jeke yaphonya, galimoto yonse yandigwera pachifuwa.

"Anaona dzanja langa, anandifunsa, sindikanawanamiza," anapitiriza. "Analira. Anaitanitsa alamu inu mutapita kukagula mankhwala, anawagwira mutu n'kuwadalitsa. Kenako anati, 'Bambo anu musawauze. Munthu uja sadziwa kulandira. Akamva kuti mpweyawu ndi wa mkamwini, adzanyamula bokosili kukabweza, kenako adzakhala pambali pangapa akulira.'"

Ndinafuna kunena kuti anandinamizira. Ndinafunafuna m'kati mwanga munthu amene sakanabweza bokosilo, koma sindinamupeze msanga. Mkazi amene ndinafunda naye bulangete limodzi moyo wonse anapita kumanda atandibisira chinthu, ndipo anabisa chifukwa ankandidziwa.

"Ndiye iwe ukumwa tiyi muno, mlamu wako ali m'chitokosi?"

"Anandiletsa. Akuti mmodzi akwanira. Akuti ine ndikamangidwa andilanda chiphaso cha ntchito, ndipo mkazi wanga ndi uyo watopa, achira posachedwa. M'mawa uliwonse ndimadzuka kuti ndikanene. Ndimafika pageti la polisi, n'kubwerera. Ndine wamantha, bambo. Mawa ndipita ndithu."

"Supita kulikonse. Kanditengere wilibala."

"Bambo?"

"Kodi makutu anapsanso? Wilibala. Ukakweza bokosili upite kwa mkazi wako, ukatseke pakamwa. Ntchito imeneyo waonetsa kale kuti umaitha."

* * *

Msewu wa kupolisi ndi wokwera. Ndinapumira kambirimbiri, ndipo anthu ankayesa ndikugulitsa zitsulo zakale. Ndinalowa nayo wilibala mpaka pakauntala.

Sajeni uja anadzutsa mutu. "Agogo... pepani, bambo. Ichi n'chiyani?"

"Katundu wa kampani. Ndinaba ndine."

Anazungulira kauntala, anatukula chivundikiro, anayang'ana m'kati, kenako anayang'ana ine.

"Si inu nomwe munatiuza kuti tigwire mkamwini wanu?"

"Mbava iliyonse imaloza wina. Kodi ntchitoyi mwayamba liti? Ndinabwereka galimoto Lamulungu lina, ndinamunamiza kuti ndikukaona m'bale wodwala. Ndinapita nayo kugalaja yanga. Dzenje lilipo, kiyi nayi. Kafunseni injiniya wa kampani za oyilo wa pa mabawuti, kenako mufunse makaniko aliyense wakale kuti amamanga choncho ndani. Uyo ali m'katimo wangokhala chete chifukwa cha ulemu. Sipanala sadziwa ngakhale kogwira."

Chitokosi chili kuseri kwa kauntala, chitseko chake n'cha zitsulo. Ndinamva wina akudzuka mwaphuma.

"Bwana, akunama! Bambo akunama, musalembe!"

Aka kanali koyamba kumumva akukuwa. Ndinatembenuka. Anali atagwira zitsulo ndi manja onse awiri, ndevu zitamera, kolala ya malaya itada.

"Apongozi," ndinatero, ndipo liwulo linandikanda pakhosi chifukwa linali lisanadutsepo, "mwakhala chete masiku onsewa. Musayambe lero. Ana akukudikirani."

Sajeni anazunguza cholembera pazala. "Injiniya anati ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Anakuthandizani ndani?"

"Mkazi wanga."

"Ali kuti?"

"Ndikhoza kukulondolerani. Koma masiku ano sayankha mafunso."

Sajeni anandiyang'ana nthawi yaitali. Anaika cholembera pansi, ndipo ndinkayesa andithamangitsa. Kenako anachitolanso, nalemba, nauza mnzake kuti atsegule chitokosi.

"Vulani lamba ndi zingwe za nsapato, bambo."

Lamba ndinavula. Nditawerama kuti ndifike kunsapato, msana unakana pakati panjira. Wilibala ija inali itaumaliza. Ndinayesanso, zala zikungolendewera pamaondo. Sajeni anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuwerenga kalendala.

Mkamwini wanga anagwada pasimenti, nayamba kumasula. Mfundo imodzi inamukanika, ndipo misozi yake inagwera pansapato yanga.

"Pang'onopang'ono," ndinamuuza. "Mudula chingwe."